Kamera, Lisiti ndi Nkhope za Anthu: Zoyenera Kudziwa Wojambula Watsopano wa ku Luchenza

Munthu amene anakhalako ku Luchenza, ngakhale kwa nyengo yochepa chabe, sangadabwe kuona kuti achinyamata ambiri a kuno amalakalaka kamera yeniyeni, ija yochotsa lenzi ndi kuikapo ina. Pakuti kum'mawa kwa tauni ino kuli phiri la Mulanje, limene silioneka chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo, kumadzulo kuli minda ya tiyi ya ku Thyolo yoyalidwa m'zitunda ndi m'zigwa mpaka kumene maso alekezera, ndipo mwezi wa Okutobala ukafika, pa Chonde, pamene mpapafupi ndithu, pamasonkhana namtindi wa anthu a Mulhako wa Alhomwe ndi magule awo. Luso limeneli si lachilendo m'dziko muno, chifukwa kalekale Mungo Murray Chisuse, amene anali wosindikiza mabuku ku Blantyre Mission, anali ndi kamera yakeyake, ndipo zina mwa zithunzi zimene timadziwira nkhope ya John Chilembwe ndi banja lake, iye asanaphedwe mu 1915, zinatuluka m'manja mwa Chisuse yemweyu.

Tsono amene afuna kulowa m'mapazi a Chisuse adziwiretu kuti malamulo a dziko amakumana naye kawiri. Tsiku logula kamera, malamulo amaima kumbali yake kumuteteza kwa wamalonda wachinyengo. Koma kuyambira tsiku lotsatira, malamulo omwewo amaima kumbali ya anthu amene iye akuwalozetsa kamerayo. Ambiri amaphunzira mbali yoyamba atabedwa kale, ndi yachiwiri atakwiyitsa kale anthu, pamene zonse ziwiri akanazidziwa asanatulutse ndi tambala yomwe.

Kusankha kamera

Makamera osintha lenzi alipo a mitundu iwiri: akale ndithu otchedwa DSLR, amene ali ndi kagalasi m'kati kamene kamatukuka pojambula, ndi atsopano otchedwa mirrorless, amene alibe kagalasiko ndipo ndi opepuka. Makampani aakulu anatembenukira ku mtundu watsopanowu, Canon ndi Nikon onse awiri atatulutsa makamera awo a RF ndi Z mu 2018, ndipo chifukwa cha ichi anthu a kunja akugulitsa makamera awo akale, amene amafika kuno ngati kaunjika. Kwa wophunzira wa m'thumba mochepa limeneli ndi dalitso, makamaka chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu yense wochokera kunja n'kukwera mtengo. Nikon D3200 ya mu 2012, D3500 ya mu 2018, Canon 600D ya mu 2011, Canon 2000D ya mu 2018, ngakhalenso Sony a6000 ya mu 2014, onsewa ndi okwanira kuphunzirira ndi kujambulira ukwati womwe. Ndipo ine ndinganene mosaopa kuti wophunzira amene atsanulira ndalama zake zonse pa kamera yatsopano, n'kusowa yogulira batire yachiwiri ndi memori khadi, wasankha molakwa.

Chinthu chimene wogula ayenera kuchimvetsa koposa ndi chakuti kamera ndi lenzi zili ngati mpini ndi khasu: mpini umatha n'kusemedwa wina, khasu likadalipo, koma si mpini uliwonse umene khasu lako lingalowemo. Lenzi ya Canon silowa pa Nikon, ndipo ngakhale m'kampani imodzi, lenzi ya makamera atsopano silowa pa akale. Chifukwa chake posankha kamera mukusankhanso malenzi onse amene mudzagule m'tsogolo, ndipo nzeru ndi kusankha mtundu umene anzanu ojambula a ku Luchenza, ku Limbe ndi ku Blantyre ali nawo, kuti mudzathe kubwerekana ndi kupeza mabatire mosavuta. Lenzi imene imabwera ndi kamera, kawirikawiri ya 18-55mm, ikukwanirani poyamba. Yotsatira yake ikhale ya 50mm f/1.8, imene ndi yotsika mtengo ndipo imajambula bwino nkhope ngakhale m'tchalitchi mwa mdima.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo pogula kamera yogwirapo kale ntchito kudekha kumeneku n'kofunika ngakhale pamaso pa lamulo, monga tione posachedwa. Chotsani lenzi, muime pakhomo, muiloze kumene kukuchokera kuwala, ndipo muyang'anitsitse m'kati mwake: mukaona timizere toyera tonga ulusi titayanga kuchokera m'mphepete mwa galasi, chimenecho ndi chuku, nthenda ya malenzi osungidwa pa chinyontho, imene ikakhalitsa imadya galasi osachiritsikanso. Kuno kwathu, kumene chiperoni amakhala masiku angapo osaleka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, nthenda imeneyi si yosowa. Jambulani khoma loyera kapena thambo, muone ngati pachithunzi pali madontho okhala malo amodzimodzi. Funsani chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo yajambula chiipangireni, chimene amalonda amati shutter count, podziwa kuti makamera ang'onoang'ono ambiri anapangidwa kuti afike pafupifupi 100,000. Yesani batani lililonse, chaja ndi batire, wogulitsayo ali pomwepo.

Pogula m'sitolo

Amene agula kwa wamalonda ali ndi chitetezo chachikulu koposa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, lilinso ndi lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene linakonzedwanso mu 2024 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoti CFTC. Tanthauzo la malamulo amenewa, tikachotsa chinenero cha maloya, ndi ili: wamalonda asakunamizeni za katundu wake, asakugulitseni chakale ngati chatsopano kapena chachinyengo ngati chenicheni, ndipo katundu amene wakugulitsani agwire ntchito imene anapangidwira.

M'masitolo ambiri mumapachikidwa chikwangwani, kapena pansi pa lisiti pamalembedwa mawu akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mawu amenewa aopseza anthu osawerengeka, koma alibe mphamvu yofafaniza ufulu wanu ngati katunduyo ali ndi chilema, ndipo a CFTC akhala akuchenjeza amalonda kuti kuthawa udindo mwa njira imeneyi n'kulakwira lamulo. Tiyerekeze kuti mwagula kamera ku Limbe, mwafika nayo ku Luchenza, ndipo tsiku lachitatu yakana kuyaka popanda kuigwetsa kapena kuinyowetsa. Musaitsegule, musapite nayo kwa wokonza mafoni wa pamsika, pakuti mukatero mwapatsa wogulitsa ponamizira, bwererani nayo msanga pamodzi ndi lisiti ndi bokosi lake, ndipo munene mwaulemu koma mosagwedera kuti, "Bambo, kamera iyi ndinagula muno, lisiti ndi ili, ndipo sikugwira ntchito, mundikonzere, mundisinthire, kapena mundibwezere ndalama zanga." Komatu chilungamo chili mbali zonse: ngati kamerayo ilibe vuto, inu mwangosintha maganizo chifukwa mwaona ina yokongola kwa mnzanu, kapena ngati munaigwetsa nokha, lamulo silikakamiza wamalonda kuilandira.

Zonsezi zaima pa kapepala kamodzi. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtengo, mtundu wa kamera, ndi nambala yake imene imalembedwa kunsi kwa kamera, pamodzi ndi nambala ya lenzi, pakuti lenzi ili ndi yakeyake. Sitolo yolembetsedwa pa msonkho wa VAT iyenera kukupatsani lisiti lovomerezeka ndi bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo wamalonda amene akunong'onezani kuti akutsitsirani mtengo mukalola kupita popanda lisiti, akukugulani ufulu wanu ndi ndalama zochepa. Ngati akulonjeza waranti, ailembe: miyezi ingati, ndipo wokonza ndani, chifukwa waranti ya kamera yogulidwa kunja kawirikawiri imagwira ntchito m'dziko limene inagulidwalo, ndipo lonjezo la pakamwa limauluka ndi mphepo.

Pogula kwa munthu wamba

Makamera otsika mtengo ambiri sagulidwa m'sitolo ayi, koma kwa mnzathu amene wabwera nayo kuchokera ku Joni, kapena kwa munthu amene waitsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Apa chitetezo chimachepa, koma sichitheratu. Lamulo lakale la kugula ndi kugulitsa katundu limafuna kuti wogulitsa akhale mwini wake weniweni kapena wotumidwa ndi mwini, ndiponso kuti katundu afanane ndi mmene anamufotokozera. Kotero ngati anakuuzani kuti ndi D3500 koma n'kukupatsani D3000, muli ndi mlandu womveka. Koma ngati munapatsidwa kamera m'manja, munaiyang'ana, ndipo chilema chake chinali choti munthu woyang'ana bwino akanachiona, kudandaula pambuyo pake kumavuta. Ichi n'chifukwa chake tinakhalitsa pa nkhani ya kuloza lenzi ku kuwala.

Lembani pangano, ngakhale papepala long'amba m'kope la mwana wa sukulu: maina a nonse awiri, manambala a ziphaso zaunzika, nambala ya kamera ndi ya lenzi, mtengo, tsiku, mawu akuti wogulitsayo ndi mwini wake, ndi mboni imodzi kapena ziwiri zosainira. Mukalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, sungani uthenga wotsimikiza. Ndipo musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone, pa kamera imene mwangoiona pachithunzi, ngakhale akulumbireni kuti aikweza minibasi ya ku Mulanje lero lomwe.

Choopsa chachikulu ndi katundu wakuba. Mnyamata akakupezani padepoti ndi kamera ya mtengo wapatali, yopanda chaja, yopanda bokosi, m'kati muli zithunzi za anthu achilendo, iye osadziwa ndi poyatsira pomwe, n'kumaitsatsa pamtengo wa mbuzi imodzi, musadzinamize kuti mwatola mwayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kulandira katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokwanira choganizira, kuti ndi wakuba, ndi mlandu umene munthu amapita nawo kundende, ndipo ngakhale khoti litakupezani osalakwa, kamerayo ikhoza kubwerera kwa mwini wake, inu n'kutsala mukusakasaka amene anadya ndalama zanu.

Amene atuma mbale wake kuti amugulire kunja akumbukire kuti katundu wolowa m'dziko, kaya ndi pa Mwanza, pa Muloza kapena pa bwalo la ndege la Chileka, ayenera kuonetsedwa kwa a MRA, amene amanena ngati pali msonkho wolipira; wobisa akagwidwa amalandidwa katunduyo kapena kulipitsidwa chindapusa. Powerengera mtengo muikeponso msonkhowo, ndipo mapepala a pachipata muwasunge pamodzi ndi lisiti.

Kamera ikakhala m'manja

Malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, amapatsa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake, ndipo kujambula kuli m'kati mwa ufulu umenewu. Palibe chiphaso chimene munthu wojambula mongodzisangalatsa ayenera kugula kuti ajambule phiri, msika, njanji kapena msewu. Koma malamulo omwewo amapatsanso munthu aliyense ufulu wa ulemu wake ndi wa chinsinsi cha moyo wake, ndipo maufulu awiriwa akakumana, wojambula wanzeru ndiye amayamba kupatuka.

Nkhani imene imabuka kawirikawiri kuno ndi ya minda ya tiyi. Mukaima m'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza kupita ku Mulanje, muli pamalo a anthu onse, ndipo mukhoza kujambula zitunda zobiriwirazo mmene mungafunire. Koma mindayo ili ndi eni ake, kaya ndi Conforzi, Naming'omba, Makwasa kapena Satemwa, ndipo tinjira ta m'kati mwa tiyi, fakitale ndi nyumba za antchito si malo a aliyense, ngakhale palibe mpanda. Kuti malo aakulu chotere akhale m'manja mwa ochepa, pamene anthu a ku Thyolo akulima m'mapiri chifukwa chosowa minda, ndi bala lakale limene linayamba m'masiku a thangata, ndipo lili ndi mabwalo ake okambirana. Koma wojambula sangalichize mwa kukangana ndi mlonda. Pitani ku ofesi ya esiteti, munene kuti ndinu yani ndipo zithunzizo n'zachiyani, makamaka ngati mukufuna kujambuliramo akwati. Ena, monga a Satemwa, amene munda wawo unayamba mu 1923, amalandira alendo mwa dongosolo lawo. Mlonda akakuuzani kuti muleke ndi kutuluka, tulukani, pakuti kukakamira pamalo a mwini atakuuzani kuti muchoke kukhoza kusanduka mlandu. Mlondayo nayenso alibe mphamvu yokumenyani kapena kukuphwanyirani kamera, ndipo akatero nkhaniyo ndi ya kupolisi.

Ndiye pali anthu othyola tiyi. Mayi amene waima pakati pa mizere kuyambira mbandakucha, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kuti mame asamunyowetse, manja onse awiri akuthyola nsonga mofulumira chifukwa malipiro ake akudalira kulemera kwa masamba pa sikelo, ndi wokongola ndithu pachithunzi, ndipo n'chifukwa chake alendo amamujambula kosaleka. Koma iye ali pantchito, sanadzikonzekeretse, ndipo mwina sakufuna kuti abale ake a kutali amuone m'zovala zimenezo. Kupempha sikutenga nthawi: "Zikomo mayi, pepani ndakusokonezani pantchito, ndine wophunzira kujambula, kodi mungandilole ndikujambuleni?" Akakana, thokozani ndi kupitirira. Akalola, muwaonetse chithunzicho, ndipo muwauze kumene chikupita, chifukwa kulola kujambulidwa si kulola kuikidwa pa Facebook, ndiponso si kulola kuti nkhope yawo ikagulitsire malonda a munthu wina. Pa chithunzi chilichonse chimene mudzagulitse kapena kutsatsira malonda, chilolezo chikhale cholembedwa. Lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaona chithunzi chozindikiritsa munthu ngati mbali ya mbiri yake, ndipo limakhudza makamaka amene amasunga ndi kugwiritsa ntchito zithunzi za ena pantchito kapena pamalonda.

Pa ana lamulo ndi lolimba koposa, ndipo mwana, chisinthireni malamulo aakulu mu 2017, ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Pemphani kwa kholo kapena womulera, ndipo pasukulu kwa aphunzitsi aakulu. Ana osamba kumtsinje wa Thuchila musawajambule konse, ngakhale mtima wanu uli woyera, pakuti lamulo la za pa intaneti la mu 2016 limalanga kolimba kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndipo chithunzi chikachoka m'manja mwanu simudziwa kumene chikagwere. Lamulo lomwelo limaletsa kugwiritsa ntchito foni kapena kompyuta pozunza, kuopseza kapena kuvutitsa munthu. Kotero kufalitsa chithunzi cha munthu woledzera, wodwala misala, wovulala pangozi kapena wovula, kuti anthu aseke, kukhoza kukufikitsani pamaso pa woweruza. Mwana amene ali pamlandu, kaya ndi wolakwiridwa kapena woimbidwa mlandu, saululidwa nkhope.

Pamaliro, pachinamwali ndi pamiyambo ya makolo, chilolezo chimachokera kwa eni mwambo ndi kwa mfumu, ndipo safunsa anadya phula. Tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2014, amavinidwa poyera pa Chonde ndipo ojambula amakhala ambiri, komabe pali pamene akuluakulu amati apa ayi, ndipo mawu awo ndi omaliza. Malo a asilikali, nyumba za mtsogoleri wa dziko ndi malo ena amene boma linawaika m'gulu la otetezedwa sajambulidwa popanda chilolezo. Kundende, kupolisi, pachipata cha dziko ndi m'bwalo la milandu, yambani mwafunsa. Wapolisi akakuimitsani, musathawe ndipo musalimbane naye. Funsani dzina lake ndi chifukwa chake, ndipo akatenga kamera ngati umboni, pemphani kuti ilembedwe m'buku pamodzi ndi nambala yake. Womangidwa ali ndi ufulu wouzidwa chifukwa m'chinenero chimene amamva, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48.

Chithunzi n'cha yani?

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la mu 2016 limateteza chithunzi monga limatetezera nyimbo ndi buku, ndipo chitetezocho chimayamba pamene chithunzi chajambulidwa, popanda kukachilembetsa kwina kulikonse. Nyuzipepala, kampani kapena wandale amene atenga chithunzi chanu pa intaneti n'kuchiika pa kalendala kapena pachikwangwani popanda kukupemphani, wakulakwirani, ndipo muli ndi ufulu wofuna kuti aleke, akulipireni, ndi kuti dzina lanu litchulidwe. Sungani chithunzi choyambirira monga chinatulukira m'kamera, pakuti m'kati mwake mumalembeka tsiku ndi mtundu wa kamera, ndipo umenewo ndi umboni wanu. Inunso musatenge chithunzi cha mnzanu n'kulembapo dzina lanu. Pamene mwalembedwa ganyu yojambula ukwati kapena chinkhoswe, mikangano yambiri imapeweka mwa kugwirizana polemba, ntchito isanayambe, kuti zithunzi zidzakhala zingati, zidzaperekedwa liti, ndiponso ngati mukuloledwa kuzionetsa kwa ena pofuna makasitomala. Bungwe la COSOMA ndilo limathandiza pa nkhani za umwini zoterezi. Ndipo tsiku limene kujambula kwasanduka bizinesi yokhazikika, kafunseni ku khonsolo ya Luchenza za chiphaso cha malonda, ndi ku MRA za msonkho.

Wamalonda akakana kukumverani, mulembereni kalata yofotokoza vutolo ndi chimene mukufuna, musunge kope lake, ndipo akapitiriza kuuma mtima katuleni dandaulo ku CFTC, mutanyamula lisiti, kalatayo ndi mauthenga onse amene munatumizirana. Bungwe la ogula la CAMA limaperekanso uphungu. Nkhani ya kuba, chinyengo kapena kumenyedwa ipite kupolisi, kumene nambala ya kamera imene munasunga idzathandiza kuizindikira ikapezeka. Kufuna kubwezeredwa ndalama kwa munthu wamba kumapita kukhoti la majisitireti, kumene munthu akhoza kudziyankhulira yekha popanda loya, ndipo amene mlandu wamukulira koma alibe ndalama akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.